Wakuba Wolemba ndi Chala Chimodzi

"Ine ndangosesa," anatero mwini nazale, akutembenuzira laputopu kwa mng'ono wake. "Sindinaswe kanthu."

Mng'ono wakeyo, amene pakhomopo ankamutchula kuti Injiniya chibwerereni ndi digiri ya zamakompyuta, anali ataitanidwa kuchokera kushedi ya mbande, manja ali dothi lokhalokha. Anapukuta zala pathalauza n'kuwerama. Pamene pankayenera kuoneka zithunzi za mbande za mapeyala, malalanje ndi maluwa, panali tsamba loyera mbee. Pamwamba pake panali mzere umodzi wonena kuti webusaiti yalephera kulumikizana ndi detabesi.

"Mwasesa pati, sisi?"

"Paliponse. Kubwera alendo lero."

Alendo akewo anali omvera wailesi. M'mawa umenewo mwamuna wake anali atapita kusitudiyo, kumene anamuitana kuti akalankhule pa pulogalamu ya zaulimi, nkhani ya kamezanitsidwe ka zipatso. Anali munthu wa mawu ochepa, woti akakupatsa moni ndiye kuti mwacheza. Sabata yonse ankayeserera zokanena ataima pakati pa mizere ya machubu, mbande za mandimu zili omvera ake, ndipo chimene anachibwereza koposa chinali adiresi ya webusaiti yawo. Nazaleyo inali kumapeto kwa kamsewu kamene ngakhale osochera sankafikako. Webusaiti ndiyo inali geti lawo lenileni, ndipo chithunzi chilichonse m'menemo anajambula ndi kuikamo yekha bamboyo. Tsopano, posachedwa pomwepa, anali kukaitanira dziko lonse kunyumba yokhoma.

Mwini nazale akamayembekezera alendo ankasesa ndi pansi pa bedi pomwe. Tsikulo anali atatsuka chikwangwani, atatsuka wilibala, atayala makheni othirira motsatana kutalika ngati ana a sukulu. Atakhala pansi kuti apume, anakumbukira kuti pasiwedi sinasinthidwepo chiyambire webusaitiyo, ndipo zinamunyansa ngati nsalu ya patebulo yothimbirira. Analowa patsamba la kampani imene inkawasungira webusaiti, napeza batani losinthira, nasintha.

"Pasiwedi ya detabesi," anatero Injiniya, akukoka mpando ndi phazi. "Pa mabatani onse amene ali pano, munasankha limeneli."

"Ndilo linali pafupi."

"Taonani. Webusaiti ndi sitolo. Detabesi ndi chipinda cha katundu chakuseri. Mayina a mbande, mafotokozedwe, maoda, zonse zili kuseriko. Munthu akatsegula tsamba, sitolo imathamangira kuseri ndi kiyi wake kukatenga. Inu mwasintha loko, koma sitolo mwaisiya ndi kiyi wakale."

"Ndiye ipatse watsopanoyo."

"Kiyi amakhala m'kafayilo kena, ndikalembemo basi. Si matenda ogonekera munthu kuchipatala. Koma aimbireni alamu, adziwe."

"Ayi!"

M'banjamo munali lamulo limene palibe analilengeza koma onse awiri ankalisunga: wina akakhala ndi tsiku lalikulu, mnzake samutengera nkhani yoipa. Linayamba tsiku limene mayiyo ankakayesedwa zoyendetsa galimoto. Pampu ya madzi inafa m'mawa, ndipo mwamuna wake anathirira nazale yonse ndi ndowa, n'kumulandira madzulo atasamba, akumwetulira ngati wagona tsiku lonse. Kuyambira pamenepo ankabisirana mavuto mopikisana, ndipo aliyense ankadziona kuti ndiye katswiri.

"Akamva zimenezi, mawu amuthawa," anatero mwini nazale. "Akangoyang'ana maikolofoni ngati ng'ombe yoyang'ana geti lachilendo. Konza, iye asadziwe."

Panja, adalaivala a panazalepo anali atabweza lole mpaka pakhomo pa ofesi, zitseko zili pululu, wailesi ili pamwamba. Anali bambo wa mimba yake, wokonda kukhala woyamba kunena nkhani iliyonse. Anasuzumira pazenera foni ili m'manja, akuyesa kutsegula webusaiti ija.

"Madamu, kuno kwangoyera ngati thewera latsopano. Ndizingodinabe?"

"Zidinani, achimwene. Ikabwera mutiuze."

Injiniya anatsegula kafayilo kaja. Munali mizere yambirimbiri ya zilembo zimene mkulu wake anaziyang'ana ngati nyerere zotayika, koma iye analoza inayi yokha: dzina la detabesi, dzina la wolowa, adiresi ya seva, ndi pasiwedi. Anafufuta pasiwedi yakale, nalemba yatsopano imene mkulu wake anamunong'oneza ngakhale muofesimo munalibe wina.

"Yabwera!" anakuwa adalaivala. "Mapeyala awa! Injiniya ndi Injiniya, anthuni!"

Injiniya anaima, chala chili m'malere. Anali asanadine batani losungira zimene analemba.

"Foni yanu ikukuonetsani zadzulo zimene inasunga," anatero, nadina.

"Aa! Yapitanso."

Mwini nazale anayang'ana mng'ono wake. Mng'ono wake anayang'ana sikirini. Anawerenga pasiwedi ija chilembo ndi chilembo, nayang'ana ngati sipanatsalire mpata kumapeto, nayang'ana mizere ina itatu ija. Zonse zinali m'malo.

"Sisi, munasinthadi?"

"Ndinasintha, n'kundiyamikira ndi kachizindikiro kobiriwira."

"Chifukwa ngati adalaivala anaonadi mapeyala, ndiye kuti nthawi imeneyo kiyi wakale amatsegula. Kutanthauza kuti loko ndi wakale yemwe uja." Anakanda pamphumi, nasiyapo mzere wa dothi. "Mwina kusintha kwanu sikunagwire. Tiyeni tibwezere zakale tione."

Anabwezera pasiwedi yakale m'kafayilo muja. Tsamba linatseguka, lonse lathunthu, rozi wofiira ali pamwamba monga mwa masiku onse. Mwini nazale anaimika manja kumwamba. Adalaivala analiza hutala. Ngakhale amayi awiri amene ankathira dothi m'machubu kutsidya kwa bwalo anaimirira n'kululutira, osadziwa kuti akululutira chiyani.

"Waona? Inangokomoka," anatero mwini nazale. "Ndikuphikira tiyi wa mkaka."

Ketulo isanayambe n'kulira komwe, mawu a adalaivala anamveka, otsika ngati a munthu wobweretsa uthenga wa maliro.

"Madamu. Thewera lija."

Injiniya anakweza manja onse awiri kuti aliyense aone. "Ine sindinakhudze kanthu."

"Nanenso ndili ndi ketulo."

Pawailesi nyimbo inatha, ndipo muulutsi ananena kuti atatha malonda ndi zanyengo akhala ndi mlendo amene amachititsa mtengo umodzi kubala zipatso za mitundu iwiri. Mwini nazale anaika ketulo pansi. Nkhope yake inali itasiya nthabwala.

Koma nkhope ya Injiniya inali itayamba kuwala. Anali mwa anthu aja amene chinthu chikakana kumveka amamva njala yabwino. Anakokera mpando pafupi.

"Makina sasintha maganizo, sisi. Akakana amakana, akalola amalola. Izi zolola n'kukananso ndi za anthu." Analowa patsamba la kampani lija, nayang'ana pakona pamene pamalembedwa za amene walowa. Anaimba mluzu. "Tili awiri muno. Wina walowa pa foni, ndipo sali pa intaneti ya pano."

"Wakuba!" anatero adalaivala, mutu wonse uli m'kati mwa zenera. Ankaoneka wokondwa kwambiri. "Ndinamva ine za anthu amenewa. Amakhala kunja kwa dziko, m'zipinda zamdima, atavala zipewa."

"Aba chiyani kuno?" anafunsa mwini nazale. "Chithunzi cha mandimu?"

"Khoswe sasankha nyumba, madamu."

"Tiyeni timuyese," anatero Injiniya. Anapeka pasiwedi ina, naiika mbali zonse ziwiri, kuloko ndi kukiyi. Tsamba linatseguka. Ulendo uno palibe analiza hutala. Onse atatu anangoyang'ana rozi uja ngati mphika wa mkaka pamoto. Pawailesi wina ankatamanda feteleza. Wina anatamanda mankhwala a nkhupakupa. Rozi anakhalabe. Mwini nazale anayamba kutulutsa mpweya pang'onopang'ono.

Tsamba linayera.

"Ndimutsekere kunja," anatero Injiniya, zala zili kale pa mabatani. "Ndisintha polowera penipeni, aone pochezera."

"Taima kaye."

"Sisi, zanyengo zayamba."

"Ndati taima. Bwereza zimene wachita munthuyu, kuyambira poyamba. Mwachidule, ngati ukuuza mwana."

Injiniya anapuma. "Inu munasintha loko, tsamba linafa. Iye anabwezera loko wakale, tsamba linadzuka, n'chifukwa adalaivala anaona mapeyala. Ine osadziwa ndinasintha kiyi, linafanso. Ndinabwezera kiyi wakale, linadzuka. Iye anasintha loko kachiwiri, linafa. Ndakonza mbali zonse, wasinthanso."

"Poyamba paja anabwezera wakale."

"Ee."

"Ndiye pasiwedi yakale amaidziwa."

"Akuba amadziwa zambiri, madamu."

"Ndipo atalowa, chinthu choyamba chimene anachita ndi kukonza." Mwini nazale anakhala pakona pa tebulo. "Wakuba wanji wolowa m'nyumba n'kuyamba kukhoma mashelefu? Nanga n'chifukwa chiyani amachedwa chonchi? Iwe ukakonza, papita nthawi yoti munthu n'kumwa madzi, kenako ndiye amagwetsa."

Injiniya anayang'ananso sikirini. Kenako analankhula pang'onopang'ono, akuona chinthucho chikulumikizana m'mutu mwake. "Sagwetsa dala. Amaona tsamba litafa, n'kuyamba kulemba pasiwedi ina kuti alidzutse, poti koyamba kuja zinatheka. Koma amalemba mochedwa. Akamamaliza, ine ndimakhala nditakonza kale, ndiye akadina amaphwanya zanga. Akaona lafanso, amayambiranso. Munthu ameneyu amadziwa batani limodzi lokha, ndipo amalemba ndi..."

"Chala chimodzi," anatero mwini nazale. "Chamkombaphala, cha kumanja, chili ndi chipsera cha mpeni womezanitsira. Wakubayu ndikumudziwa. Ndinakwatiwa naye."

Adalaivala anaseka mpaka anagunda mutu pafelemu ya zenera.

"Ali pabenchi kusitudiyoko," anapitiriza mayiyo, akugwedeza mutu, "thukuta lili kamukamu, akukonza mwakachetechete kuti ine ndisadziwe. Akuganiza kuti tsiku lalikulu ndi langa, poti ndine wolandira alendo."

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero Injiniya. "Aimbireni. Lamulo lanu lija likupha webusaiti."

Mwini nazale anaimba, naika foni patebulo kuti onse amve. Inaitana nthawi yaitali. Kenako kunamveka mawu onong'ona, aulemu, a munthu amene wakhala pakati pa anthu osawadziwa.

"Halo, mayi."

"Bambo. Zikuyenda kumeneko?"

"Bwinobwino. Palibe vuto lililonse. Kumeneko?"

"Kunonso bwinobwino. Mbande zikukula."

"Chabwino."

"Chabwino."

Injiniya anadziphimba kumaso ndi manja onse awiri.

"Bambo," anatero mwini nazale, "chala chanu chili pati?"

Yankho linabwera monong'ona.

"Pa foni."

"Chichotsenipo. Chiikeni m'thumba. Wakuba amene mukulimbana naye ndi mlamu wanu."

"Ha! Ine ndimati ndi anthu a kunja." Mawu aja anamasuka mwadzidzidzi, ngati lamba womasulidwa pambuyo pa chakudya. "Ndimati nditsegule ndione adiresi komaliza, ndipeza mbee. Ndiye ndinati, mayi asadziwe, atopa kale ndi kusesa. Koma munthuyu amathamanga, mayi! Ndikati ndakhoma, iye watsegula."

"Zikomo, alamu," anatero Injiniya. "Nanunso ndinu wakuba wolimbikira. Ndinatsala pang'ono kukutsekerani kunja."

"Anayambitsa ndani?" anafunsa bamboyo.

"Zimenezo tikambirana kunyumba," anatero mwini nazale msanga. "Panopa tiuzeni pasiwedi imene mwaikayo."

Injiniya anagwira mkulu wake pamkono n'kunong'ona, "Sitikuifuna, ndingoika ina." Koma mwini nazale anali atamva kanthu m'kupuma kwa mwamuna wake, kakuzengereza kamene ankakadziwa bwino, ndipo anakankha dzanja la mng'ono wake osamuyang'ana.

"Ndikutumizirani uthenga," anatero bamboyo.

"Ndi chala chimenecho? Pulogalamu itha. Nenani."

"Pali anthu pano, mayi."

"Zanyengo zafika kumapeto, bambo. Nenani."

Kunamveka kukhosomola. "Makinawa amafuna yaitali. Amakana zazifupi zonse. Ndiye ndinangolemba zimene zinabwera."

"Tikumva."

"Mawu aliwonse ayambe ndi chilembo chachikulu, osasiya mpata." Anatsitsa mawu. "Mkazi."

"Sitikumva, kuno kuli wailesi."

"Mkazi!" Kumbuyo kwake zokambirana za anthu zinaima. "Wanga. Ndi. Mvula. Yoyamba."

Zala za Injiniya zinkagogoda mabatani, mapewa ake akugwedezeka. Adalaivala anali ataluma chipewa chawo.

"Basi?" anafunsa mwini nazale. Mawu ake anali osalala ngati a kalaliki wa kubanki, koma makutu ake anali atatentha.

"Amafunanso nambala. Ndinaika ya nsapato zanu. Ndi chizindikiro chofuulira kumapeto."

Kusitudiyo kuja mayi wina anati, "Iii, koma amuna ena!" ndipo bambo wina anaomba m'manja. Kenako kunamveka chitseko, ndi mawu achangu oitana mlendo wa zipatso kuti alowe.

"Mayi, andiitana. Ili bwanji?"

Injiniya anatembenuza laputopu. Rozi anali pamalo pake, mapeyala pansi pake, malalanje pambali.

"Yatseguka. Pitani mukanene. Foni muzimitse, chala chikhale m'thumba."

Anatuluka onse kukaima pa lole. Amayi a machubu aja anabwera akupukuta manja m'zitenje, ndipo kasitomala wina amene anadzagula manyowa anaika thumba lake pansi n'kuima nawo. Poyamba mawu a bamboyo ankanjenjemera. Anapereka moni kawiri. Koma muulutsi atamufunsa kuti mpeni umalowa bwanji pa nthambi, anaiwala kuti ali pawailesi. Anafotokoza za kudula mopendeketsa, za kukumanitsa khungwa ndi khungwa, za kumanga mothina koma osapotokola, ndi za anthu osapirira amene amamasula pulasitiki msanga kuti aone ngati zagwirana. Mwini nazale anali asanamumvepo akulankhula ziganizo zambiri chotero motsatizana. Anaima atagwira chitseko cha lole, akuyendetsa milomo pamodzi naye pa mbali zimene anazimva zikuuzidwa mandimu.

"Ndiye amene akufuna mbande zimenezi akupezani bwanji?" anafunsa muulutsi.

Bamboyo ananena adiresi ija pang'onopang'ono, chilembo chilichonse pachokha, naibwereza. Adalaivala anadina foni yawo. Kasitomala wa manyowa anatulutsa yake nadinanso. Amayi a machubu anaunjikana pa ya adalaivala.

"Ilipo," anatero adalaivala. Anadinanso. "Ikadalipo."

Injiniya anali atabwerera muofesi. "Akulowa!" anakuwa pazenera. "Sisi, akulowa ngati nyerere pa shuga! Wina wafunsa kale ngati mandimu opanda nthangala alipo. Wina akuti kamsewu kathu sakukapeza pamapu."

"Muuze kuti ngakhale ife timakasowa!"

Pawailesi muulutsi ankatsanzika. "Tisanasiyane, bambo, pali nkhani imene yatikondweretsa kuno. Anzanga akuti pabenchi panjapa munakuwa pa foni kuti mkazi wanu ndi mvula yoyamba. Kodi imeneyinso ndi mbali ya ulimi?"

Bwalo lonse linaphulika. Amayi a machubu anagwirana mapewa. Pawailesi panamveka mawu a bamboyo, odekha ngati akunena za nyengo yobzala.

"Ee. Popanda imeneyo sitibzala."

Mwini nazale anaseka nawo, dzanja lili pakamwa. Kenako kuseka kunamuthera pakati. Anathamangira muofesi, natsala pang'ono kugwa pa kheni.

"Iwe! Dziko lonse lamva pasiwedi yathu! Kwatsala nambala ya nsapato basi, ndipo phazi langa aliyense amaliona. Sintha msanga!"

Injiniya sanasunthe. Anali atatsamira mpando, akumwa tiyi amene anadziphikira yekha.

"Sisi, mukuganiza kuti ine ndingaike pasiwedi yokuwidwa pabenchi? Pamene alamu amalakatula paja, ine ndimaika yanga, mbali zonse ziwiri. Ndi yonyansa, yopanda tanthauzo, ngati mphaka wayenda pa mabatani. Palibe angaikuwe pa foni ngakhale atafuna."

Mwini nazale anaima pakhomo, akupuma.

"Ndiye mawu aja sakutsegula chilichonse?"

"Palibe. Sali m'kafayilo, sali kudetabesi. Sali paliponse."

Mayiyo anaganiza pang'ono. Panja foni ya panazale inali itayamba kulira, ndipo adalaivala ankaiyankha ndi mawu a bwana, akulonjeza wina kuti malalanje alipo ambiri. Anawerama, natola kheni ija, naiimika pamzere wa zinzake.

"Chabwino," anatero. "Ndiye ndi anga."

Anatuluka kukalanda foni kwa adalaivala asanalonjeze mitengo imene analibe.